Kuvala ngati msilikali wa Roma: mmene mungapezere zida zoona koma zosathyoka msanga

Ku Britain, Germany, Austria ndi Italy kuli magulu a anthu amene kumapeto kwa sabata amavala ngati asilikali a Roma wakale, n'kumaguba pamaso pa anthu kuti aone mmene gulu lankhondo linkaonekera zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Gulu la Ermine Street Guard linayamba mu 1972 ku Gloucestershire ndipo mpaka lero likadaguba. Nthawi yotentha mumawapeza anthu otere m'malo amene munali misasa ya Aroma: ku Xanten ku Germany, ku Carnuntum ku Austria, ku Caerleon ku Wales ndi m'mbali mwa khoma la Hadrian kumpoto kwa England. Aliyense wofuna kulowa nawo amakumana ndi funso limodzi tsiku limene wayamba kuona mitengo ya katundu: ndigule chofanana ndendende ndi cha Aroma, chomwe n'chopyapyala ndiponso chofuna chisamaliro, kapena chokhuthala cha kufakitale chomwe amati sichitha?

Ine ndimaona kuti ambiri amalakwitsa poganiza kuti chitsulo chikakhuthala ndiye kuti chalimba. Zida za Aroma zinkakhalitsa chifukwa zinapangidwa moti munthu atha kuzimasula, kusintha kachidutswa kothyoka, n'kuzivalanso mawa lake. Mukamvetsa zimenezi, zambiri zimene zikubwerazi zimasankhika zokha.

Choyamba, sankhani chaka, malo ndi udindo

Musanatulutse ndalama iliyonse, lembani papepala chiganizo chimodzi chonena kuti ndinu ndani. Mwachitsanzo: msilikali wamba wa legio (gulu lalikulu la asilikali omwe anali nzika za Roma) ku Britain, pakati pa 70 ndi 100 AD. Ulamuliro wa Roma unatenga zaka mazanamazana, ndipo msilikali wa nthawi ya mfumu Augustus akanakumana ndi wa nthawi ya mfumu Constantine, zaka pafupifupi 300 pambuyo pake, sakanamuzindikira kuti ndi mnzake. Munthu wa 70 mpaka 100 AD uja amavala chapachifuwa cha timapale tachitsulo cha mtundu wa Corbridge kapena malaya a unyolo, chisoti cha Imperial Gallic, lupanga lalifupi la mtundu wa Pompeii, nsapato zotsegula za caligae ndi chishango chopindika cha makona anayi. Mukabwerera m'mbuyo ku 9 AD, chaka chimene mkulu wankhondo wa Aroma Varus anataya malegio atatu m'nkhalango za Germany, lupanga limakhala la mtundu wa Mainz, chisoti nthawi zambiri cha mkuwa cha Coolus. Mukapita kutsogolo zaka za m'ma 300, mumapeza lupanga lalitali la spatha, chisoti cha Intercisa, malaya a manja aatali, buluku, nsapato zotseka ndi chishango chozungulira.

Anzathu okonza sewero la Njira ya Mtanda pa Pasaka adziwenso ichi: m'nthawi ya Pilato, amene analamula Yudeya kuyambira 26 mpaka 36 AD, malegio ankakhala ku Syria, ndipo Pilato anali ndi asilikali othandizira otchedwa auxilia. Kwa otere malaya a unyolo ndi chishango chosapindika chokhala ngati dzira n'zimene zimayandikira zoona kuposa timapale tonyezimira ta m'makanema.

Umboni nawo uli ndi akuluakulu ake. Woyamba ndi zinthu zofukulidwa pansi. Wachiwiri ndi miyala ya pamanda a asilikali, yomwe inkasemedwa pafupi ndi misasa ndi anthu oona asilikali tsiku ndi tsiku. Chipilala cha mfumu Trajan cha ku Roma, cha mu 113 AD, chosemedwa zithunzi za nkhondo zake za ku Dacia, chitengeni mosamala: chimaveka asilikali onse a legio timapale, pamene chikumbutso cha nkhondo zomwezo ku Adamklissi, m'dziko la Romania, chimawaonetsa atavala unyolo ndi mamba. Ngati mukulowa gulu, funsani atsogoleri ake musanagule kanthu. Gulu lililonse lili ndi chaka chake, mtundu wake wa malaya ndi chizindikiro chake cha pachishango, ndipo ambiri amabwereka obwera kumene zida kwa kanthawi.

Kenako gawani katundu yense patatu

Pali zimene woonerera amaona ndi kugwira. Apa tsatani zofukulidwa mosanyengerera: maonekedwe, kukula, mtundu wa nsalu, kulemera. Pali zobisika m'kati, monga guluu wa pakati pa matabwa a chishango kapena msoko wa m'kati mwa malaya. Apa zamakono n'zololedwa ngati zikuwonjezera moyo wa chinthucho popanda kusintha mmene chimakhalira pathupi. Ndiye pali zoteteza moyo wanu ndi wa ena: lupanga lobuntha, madzi akumwa, mankhwala a mphumu obisidwa m'kachikwama ka m'chiuno, mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Pamenepa mbiri yakale ilibe mawu.

Chimene ndimapempha n'chimodzi. Mwana wasukulu akagwira chishango chanu n'kufunsa ngati cha Aroma chinali chotere, muuzeni zoona, kuti chawo chinali cha timizere tamatabwa ndipo chanu ndi cha plywood. Cholinga cha ntchito yonseyi n'kuphunzitsa, ndipo kubisa zotere kumaipha.

Yambani ndi malaya ndi nsapato, zitsulo zidikire

Malaya a tunica ndi nsalu ziwiri za makona anayi zosokedwa m'mbali ndi pamapewa, zotambalala kwambiri kuposa mmene ambiri amaganizira. Kalata ya pa gumbwa ya mu 138 AD, yopezeka ku Egypt, imaonetsa kuti owomba nsalu a m'mudzi wa Philadelphia analamulidwa kupangira asilikali a ku Cappadocia malaya oyera otalika mikono itatu ndi theka, m'lifupi kupitirira mikono itatu, kutanthauza pafupifupi masentimita 155 ndi 140. Amavalidwa atakokedwera m'mwamba pa lamba mpaka m'mphepete mufike pamwamba pa mawondo. Gulani ubweya wankhosa weniweni. Nsalu ya polyester imanyezimira pa dzuwa, imasunga fungo la thukuta, ndipo ikagweredwa ndi moto wa pamsasa imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Apa zoona ndi zolimba zili mbali imodzi. Ichapeni nsaluyo musanadule chifukwa imafupika, sokani misoko ya m'kati pa mashini, ya kunja yooneka ndi dzanja. Mtundu ukhale woyera wachibadwa kapena wofiira wakuderako wa utoto wa mizu ya chomera cha madder, malinga ndi zimene gulu lanu linasankha. Musaiwale kansalu ka m'khosi, focale, chifukwa popanda iko chitsulo chimakupalani khosi lisanafike dzuwa pamutu.

Nsapato ndiye pokhalira pansi. Caliga yeniyeni, monga zopezeka ku Mainz ku Germany ndi ku Valkenburg ku Netherlands, ili ndi zikopa zitatu. Chapakati chimadulidwa kuchokera ku chikopa chimodzi cha ng'ombe, soli pamodzi ndi timalamba tonse tokwera m'mwendo, n'kusokedwa kuchidendene kokha. Pansi pake pamabwera soli yakunja, pamwamba pake yopondapo phazi, ndipo zonse zimagwiridwa ndi misomali yachitsulo ya mitu yosongoka, yokhomedwa nsapato itavekedwa pa chitsulo kuti nsonga zipindikire m'chikopa. Mupatseni wosoka nsapato chikopa chofufutidwa ndi makungwa a mitengo, chomwe chimakhala chofiirira mpaka m'kati mukachidula. Chofufutidwa ndi mankhwala a chrome chimaoneka chotuwa mobiriwira podulapo, chimatanuka, ndipo timalamba timasanduka zingwe zolendewera. Jambulani phazi lanu papepala mutaimirira, madzulo, phazi litatupa pang'ono, ndipo yesani kaye pateni yake pa nsalu yolimba musanaononge chikopa.

Misomali ija imagwira bwino pa dothi ndi pa udzu, koma pa mwala wosalala ndi ngozi. Josephus, Myuda wolemba mbiri wa nthawi imeneyo, analemba za kenturiyo wina dzina lake Julianus amene mu 70 AD anathamangitsa adani m'bwalo la Kachisi ku Yerusalemu, n'kuterereka pa miyala chifukwa cha misomali ya nsapato zake, ndipo anaphedwa ali pansi pomwepo. Masiku ano matailosi a m'holo ya sukulu kapena masitepe a nyumba yosungiramo zinthu zakale amachita chimodzimodzi. Choncho khalani ndi mapeya awiri: ya misomali ya pabwalo, ndi ina yooneka mofanana kumwamba koma yokhala ndi labala wopyapyala pansi, ya m'nyumba. Musavale ya labala pa udzu pamaso pa anthu, chifukwa phokoso la misomali gulu likamaguba ndi mbali ya zimene abwerera kudzamva.

Masokosi musachite nawo manyazi. Kalata ina ya pa kathabwa yopezeka ku Vindolanda, msasa wa Aroma wa pafupi ndi khoma la Hadrian, imatchula masokosi, nsapato ndi zovala zam'kati zimene wina anatumizira msilikali. Akhale a ubweya, opanda mizere ya kufakitale.

Chapachifuwa: pamene ambiri amataya ndalama

Zambiri zimene tikudziwa za chovala cha timapale, lorica segmentata, zinachokera m'bokosi lathabwa lofukulidwa ku Corbridge, kumpoto kwa England, mu 1964. H. Russell Robinson, katswiri wa zida zakale wa ku Tower of London, ndi amene anathandiza kwambiri kumvetsa mmene zidutswazo zimalumikizirana. Timapale tachitsulo timakhomeredwa pa malamba achikopa a m'kati, ndipo kunja kuli mahinjesi, zokowera ndi zomangira za mkuwa. Timapale tambiri tinali topyapyala, pafupifupi milimita imodzi kapena kucheperapo, ta pamapewa n'kukhuthalirako.

Zogulitsidwa zotchipa nthawi zambiri zimakhala za mamilimita 1.2 kapena 1.6, ndipo wogulitsa amanena monyadira kuti n'zolimba. Werengani nokha: kuchoka pa milimita 1 kufika pa 1.6 ndiye kuti kulemera kwa chitsulo kwakwera ndi 60 peresenti. Kulemera kumeneko kumagwera pa malamba a m'kati ndi pa mahinjesi, zomwe ndi zinthu zoyamba kuduka. Kumagweranso pa mapewa anu. Munthu wongoguba ndi kuonetsa safunika chitsulo choposa milimita imodzi m'mimba ndi 1.2 pamapewa. Chitsulo wamba cha masiku ano, mild steel, n'cholowa m'malo chovomerezeka. Stainless steel ikaneni ngakhale sichita dzimbiri, chifukwa kuwala kwake kwa mapoto a kukhitchini kumaonekera patali, ndiponso imavuta kupinda ndi kuboola mukafuna kukonza.

Chofooka chenicheni cha chovalachi ndi mkuwa. M'misasa yambiri ya Aroma ofukula amapeza mahinjesi ndi zomangira zothyoka zochuluka, ndipo zidutswa za ku Corbridge zomwe zili ndi zizindikiro zokonzedwa. Aroma eni ake anaona vutoli: mtundu wa Corbridge A umalumikiza chakumtunda ndi chakumunsi ndi timalamba, B ndi C zimagwiritsa zokowera, ndipo mtundu wa Newstead wobwera pambuyo pake uli ndi mahinjesi akuluakulu olimba. Ngati gulu lanu likulola, sankhani B. Ngati mukupangitsa, muuzeni mmisiri asunge maonekedwe a hinjesi koma agwiritse mkuwa wokhuthalirako pang'ono, ndipo akupangireni ena awiri kapena atatu apadera nthawi yomweyo.

Chovala chikafika, chitembenuzeni muone m'kati. Malamba ngati ndi opyapyala, ofewa ngati a chikwama cha m'manja, achotseni onse muike a chikopa chamakungwa cha mamilimita 2.5 kapena 3. Gwiritsani maliveti a kopa, okhala ndi kawasha kumbali ya chikopa, n'kuwaphwanya mutu ndi hamala yozungulira. Maliveti oombera ndi mfuti ndi masikuluwu alekeni. Oyambawo amaoneka msanga kuti ngamakono, enawo amamasuka poyenda. Pitani ndi chala m'mphepete mwa kaphale kalikonse, ndipo pamene pakuthwa palani ndi fayilo, chifukwa m'mphepete mwakuthwa ndi momwe mumadya chikopa ndi malaya. Timapale ta m'khwapa ndi m'khosi tikhale topindidwa milomo.

Ndiye pali chovala cham'kati, subarmalis, chokhala ndi zofewa pamapewa. Valani timapale popanda icho muime pagalasi: mapewa a munthu ndi otsetsereka, ndiye timapale ta pachifuwa timapingasana n'kusiya mpata pansi pa khosi, ndipo mahinjesi amapotoka. Ikani ubweya wotsenderedwa wokhuthala ngati chala pamapewa, zonse zimakhala mowongoka ndipo mahinjesi amapuma. Buku lina la m'zaka za m'ma 300, De Rebus Bellicis, limafotokoza chovala chotere cha ubweya chovalidwa kunsi kwa zida. Musachichite chokhuthala thupi lonse, mungakomoke ndi kutentha.

Kwa amene sakufuna kumangokhalira kukonza, malaya a unyolo, lorica hamata, ndiwo yankho, ndipo anavalidwa nthawi yaitali kuposa timapale. A Aroma anali a timphete ting'onoting'ono, ta mamilimita osapitirira 7 m'kati kawirikawiri, mzere wina wa timphete tathunthu tosadula, mzere wotsatira wa tokhomedwa ndi kaliveti. Otchipa ndi a waya wongopinda nsonga n'kugundana, ndipo amayasama m'khwapa ndi pamapewa mpaka mumayenda mukutaya timphete. Sungani ndalama mugule okhomedwa. Akabwera atakutidwa ndi zinki, aviikeni mu viniga panja mpaka kutuwa kuchoke, atsukeni ndi madzi a soda, aumitseni msanga n'kupaka mafuta. Zinki musayiotche pamoto, utsi wake umadwalitsa. Povala, mangani lamba n'kukokera unyolo pang'ono pamwamba pake kuti chiuno chilandireko katundu.

Chisoti

Yang'anani zinthu zitatu. Chifanane ndi chisoti chenicheni chofukulidwa chomwe mungathe kuchitchula. Chisakhale chachikulu mopitirira, chifukwa zambiri za kufakitale zimapangidwa kuti zikwane aliyense ndipo zimamira mpaka m'maso. Zotchinga masaya zipindidwe motsata nkhope yanu, zomwe mungachite nokha pang'onopang'ono pa bondo. Chingwe chachikopa chimayambira pa mphete ya kunsi kwa chotchinga khosi, n'kudutsa m'timphete ta m'masaya, n'kumangidwa pansi pa chibwano. Mukamanga chomwechi chisoti sichigwa ngakhale muwerame.

M'kati valani kachipewa ka ubweya kochotseka kuti muzikachapa. Ammianus Marcellinus, msilikali amenenso analemba mbiri, anafotokoza mmene iye ndi anzake, pothawa mumzinda wa Amida mu 359 AD, anamangira kachipewa kotere ku chingwe cha nsalu zong'amba n'kukatsitsira m'chitsime kuti kamwe madzi. Siponji yomatira ndi guluu imasunga thukuta pachitsulo ndipo dzimbiri limayambira pomwepo.

Chishango mutha kupanga nokha

Chishango chopindika cha makona anayi chomwe chinapezeka pafupifupi chathunthu ndi cha ku Dura-Europos, ku Syria, cha m'ma 250 AD, chomwe chili ku yunivesite ya Yale ku America. N'chotalika pafupifupi masentimita 105, chopangidwa ndi timizere tamatabwa tomatidwa m'magawo atatu opingasana, kukhuthala kwake mamilimita 5 kapena 6 basi. China chakale kuposa ichi, cha ku Kasr el-Harit ku Egypt, n'chotalika masentimita 128. Tinganene kuti Aroma ankapanga plywood yawo ndi manja, ndiye kugwiritsa ntchito ya kusitolo si kuchoka patali.

Tengani mapepala awiri a plywood ya mamilimita 3, oti apindike mosavuta m'lifupi. Dulani kutalika kochokera paphewa panu kufika pabondo. Pakani guluu wa matabwa wosalowa madzi paliponse osasiya danga, gundanitsani, kulungani pa dilamu ya malita 200 ndi kumanga ndi malamba omangira katundu pa galimoto, anayi kapena asanu, mutaika timatabwa toongoka m'mphepete kuti milomo isakwinyike. Siyani masiku awiri. Mukamasula chimabwerera pang'ono, ndipo ndi mmene chiyenera kukhalira. Boolani pakati mabowo awiri okhala ngati theka la mwezi, kusiya kamlatho kopingasa pakati pawo, n'kukalimbitsa ndi thabwa lolimba kapena chitsulo: chimenecho ndiye chogwirira, ndipo chimagwiridwa chopingasa, dzanja litaloza pansi. Matani bafuta kapena kanivasi kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Nsaluyi ndi imene imaletsa thabwa kung'aluka, ndiye musaidumphe. Pentani ndi penti wosawala, malizani ndi phula la njuchi. Vanishi wonyezimira amachisandutsa chidole. Khomani chitsulo chapakati chotchinga dzanja, ndipo m'kati pamwamba pa chogwirira ikani kachikopa kankhosa ka ubweya, apo ayi kuseri kwa dzanja kusupuka.

Pa guluu ndimaima ndi wamakono. Wa Aroma unali wophika kuchokera ku zikopa, ndipo umafewa ukanyowa. Wolemba mbiri Cassius Dio analemba kuti pa nkhondo ya Varus mvula inanyowetsa zishango mpaka asilikali analephera kuzigwiritsa ntchito. N'chifukwa chake ankaziveka zikuto za chikopa cha mbuzi, zomwe zidutswa zake zapezeka ku Vindonissa ku Switzerland. Julius Caesar naye anadandaula kuti polimbana ndi fuko la Nervii mu 57 BC asilikali ake analibe nthawi yovula zikutozo. Sokani chikuto chanu, chimateteza penti m'galimoto ndipo n'choona.

M'mphepete muli njira ziwiri, zonse za umboni. Mkuwa wopindidwa wokhomedwa ndi timisomali ndi wofala m'zaka 100 zoyambirira AD, ndipo umakongola, koma ukamenyedwa umanyamuka n'kusanduka mpeni. Chikopa chosokerera, monga pa chishango cha ku Dura-Europos, chimapirira nkhonya. Ngati muzigundanitsa zishango, sankhani chikopa chosafufuta. Chiviikeni usiku wonse, chikokeni chili chonyowa, sokani kudzera m'timabowo tomwe mwaboola kale m'thabwa, ndipo chikauma chimakungika ngati cha pa ng'oma.

Lupanga ndi nthungo: musafune chimodzi chochita zonse

Lupanga loonetsa anthu likhale la muyeso weniweni, chigwiriro cha fupa chokhala ndi mipata ya zala zinayi, mutu ndi chotchinga dzanja zathabwa, koma losanoledwa. Musanagule funsani mmene chitsulo chimadutsira m'chigwiriro. Chikhale chimodzi ndi mpeni wake mpaka kumapeto, chophwanyidwa mutu pamwamba. Ngati ndi kandodo kowotcherera ka mazinga ndi nati, kadzaduka powotchererapo ndipo mpeni udzauluka kupita kumene kuli anthu. Msilikali wamba wa nthawi imeneyi amavala lupanga kudzanja lamanja, kenturiyo kumanzere.

Pomenyana moyeserera gwiritsani malupanga athabwa. Vegetius, Mroma wolemba za usilikali, analemba kuti ophunzira usilikali ankapatsidwa zishango zoluka ndi ndodo zathabwa zolemera kawiri kuposa zida zenizeni, n'kumamenya mtengo wozikidwa pansi wotalika mapazi 6. Ndiye thabwa pa maphunziro ndi mbiri yeniyeni. Nthungo ya pilum nayo khalani nazo ziwiri, yokongola yonyamula ndi yawamba yoponya, chifukwa khosi lake lachitsulo limapindika ndipo mukaliwongola kambirimbiri limathyoka. Poponya, kutsogolo ndi m'mbali kusakhale munthu. Dziwaninso malamulo a dziko limene muli. Ku England lamulo la Criminal Justice Act la mu 1988 limaletsa kuyenda ndi chida chokhala ndi mpeni kapena nsonga pagulu popanda chifukwa chomveka, choncho nyamulani zida zili zokulunga m'buti, pamodzi ndi khadi la gulu ndi kalata ya mwambo umene mukupitako.

Yesani zonse poyenda, anthu asanakuoneni

Mu 1985 katswiri wa mbiri wa ku Germany Marcus Junkelmann ndi anzake anayenda pansi kuchokera ku Verona ku Italy kudutsa mapiri a Alps mpaka ku Augsburg ku Germany, mtunda wa pafupifupi makilomita 500, atavala ndi kusenza zida za nthawi ya Augustus. Ulendo umenewo unaonetsa kuti zida zopangidwa motsata zofukulidwa zimayendeka nazo. Inu simukufunika mapiri. Yambani ndi nsapato zokha kwa theka la ola, kenako onjezani malaya ndi lamba, tsiku lina chapachifuwa, pomaliza chisoti ndi chishango. Mukabwerako vulani pang'onopang'ono mukuyang'ana thupi: pofiira paliponse pakuuzani pamene chitsulo kapena chikopa chikufunika kupindidwa, kupalidwa kapena kufewetsedwa. Yang'ananinso zida. Liveti yomwe yayamba kugwedera, bowo la lamba lomwe latalika, msomali wansapato womwe watulukira m'kati, zonsezi zikonzeni tsiku lomwelo. Kwezani manja, gwadani, tolani chinthu pansi, solorani lupanga chishango chili m'dzanja. Chimene chikukulepheretsani kuchita izi n'cholakwika muyeso, ngakhale chikongole bwanji.

Chisamaliro ndi bokosi lokonzera

Thukuta lili ndi mchere, ndipo chitsulo chosiyidwa m'chikwama usiku umodzi chimadzuka ndi madontho ofiira. Madzulo omwewo pukutani m'kati ndi kunja ndi nsalu youma, pakani mafuta opepuka a mashini kapena Renaissance Wax, phula lomwe linapangidwa ku British Museum m'zaka za m'ma 1950. Mafuta a olivi Aroma anali nawo, koma akakhalitsa amanata n'kugwira fumbi, ndiye asungireni pa tebulo loonetsera. Dzimbiri likayamba lichotseni ndi kasiponji kokhakhala pang'ono ndi mafuta, mukukhula mbali imodzi. Kuwalitsa zida n'koyenera, Vegetius amati kunyezimira kwa zida kumaopsa adani, koma kukhale kwa dzanja. Pamene mkuwa wakhudzana ndi chitsulo kapena chikopa pamachita zobiriwira. Chotsani ndi mswachi wakale, chifukwa pamenepo ndi pomwe liveti imadyekera. Unyolo uikeni m'thumba lolimba ndi mchenga wouma, gubuduzani, kung'unthani, pakani mafuta.

Nsapato zonyowa ziume pamthunzi mutazitsendera mapepala, kutali ndi moto, kenako zipakeni mafuta a chikopa pang'ono. Mukachulutsa chikopa chimalobodoka n'kutanuka. Zaubweya zisungeni zochapa ndi zouma chifukwa cha njenjete. Zitsulo zikulungeni mu nsalu, pepala lapulasitiki limasunga chinyezi.

M'bokosi lopita nalo ku mwambo mukhale hamala yaing'ono, kachitsulo kokhomerapo, pulayazi ziwiri, choboolera chikopa, fayilo, maliveti a kopa ndi mawasha ake, zingwe zachikopa, ulusi wopaka phula ndi singano, misomali yansapato, timphete ta unyolo, ndi mahinjesi apadera aja. Hinjesi ikathyoka, palani mutu wa liveti kumbali ya m'kati, itulutseni ndi chokhomera, ikani yatsopano m'mabowo omwewo, dulani liveti kusiya pafupifupi mamilimita awiri, n'kuiphwanya ndi timikwapulo tating'ono tozungulira m'mphepete, osati kumenya kamodzi mwamphamvu. Yatsopanoyo ikasiyana pang'ono mtundu ndi inzake, isiyeni choncho. Bowo likang'ambika, boolani lina pambali pake n'kusuntha hinjesi pang'ono, ndipo musanavalenso onetsetsani kuti lamba wa m'kati pamalo amenewo sanayambe kung'aluka.